Alain Locke: Mphunzitsi Amene Anakanizidwa Kuphunzitsa za Mitundu ya Anthu

Masiku ano m'mayunivesite ambiri muli maphunziro a za mitundu ya anthu, tsankho ndi zikhalidwe zosiyanasiyana. Wophunzira angathe kutha zaka zinayi akufufuza chifukwa chake anthu amasankhana, ndipo pomaliza amalandira digiri ngati mnzake amene anaphunzira za ulimi kapena za malamulo. Zaka zoposa 100 zapitazo sizinali choncho. Mu 1915 mphunzitsi wina wachinyamata ku America anapempha kuti aziphunzitsa phunziro lotere pa yunivesite imene ankagwirapo ntchito, ndipo akuluakulu anamukaniza. Dzina lake linali Alain Locke.

Tasankha kuwerenga za moyo wake pa zifukwa ziwiri. Choyamba, iye anali mmodzi mwa anthu oyambirira kunena kuti tsankho la mitundu ndi chinthu chimene chingathe kuphunziridwa mofatsa, monga momwe dokotala amaphunzirira matenda. Chachiwiri, iye anali Mbahá'í, ndipo anayesetsa kuti zimene ankaphunzitsa m'kalasi zigwirizane ndi zimene ankakhulupirira za umodzi wa mtundu wa anthu. Tiyeni tiwerenge mosinthana, gawo ndi gawo, kenako tikambirane mafunso amene ali kumapeto.

1. Ubwana wake ku Philadelphia

Alain LeRoy Locke anabadwa pa 13 September 1885 mumzinda wa Philadelphia, m'chigawo cha Pennsylvania. Panali patangopita zaka 20 chithetsedwere ukapolo ku America mu 1865. Banja lake linali la anthu akuda ophunzira. Agogo ake aamuna, a Ishmael Locke, anali mphunzitsi. Bambo ake, a Pliny Locke, anaphunzira za malamulo pa Howard University ndipo nawonso anaphunzitsapo sukulu. Mayi ake, a Mary Hawkins Locke, analinso mphunzitsi.

Bambo ake anamwalira Alain ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo mayi ake anamulera okha ndi malipiro auphunzitsi. Ali mwana anadwala matenda otupitsa mfundo amene anamuwonongera mtima. Anakula ali wamfupi ndi wochepa thupi, ndipo vuto la mtimalo linakhala naye mpaka imfa yake. Popeza sankatha kuthamanga ndi anzake, nthawi yake yambiri ankaithera pa mabuku, pa piyano ndi pa vayolini.

Dziko limene ankakuliramo linali kubwerera m'mbuyo pa nkhani ya ufulu wa anthu akuda. Mu 1896 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, linavomereza kuti boma lingathe kulekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sitima ndi m'malo ena. M'zigawo za kum'mwera sukulu, zipatala, malo odyera ngakhale manda anali olekanitsidwa. Chopweteka china chinali chakuti anthu ophunzira ambiri ankaikira kumbuyo zimenezi. Mabuku olemekezeka ankaphunzitsa kuti mitundu ya anthu ili ngati makwerero, ina pamwamba ina pansi, ndipo kuti malo a mtundu uliwonse analembedwa m'magazi ake. Mwana wakuda wokonda kuwerenga ankapeza chipongwe chimenechi m'mabuku omwewo amene ankawakonda.

Locke anamaliza maphunziro ake pa Central High School mu 1902, nachita maphunziro auphunzitsi kwa zaka ziwiri, ndipo mu 1904 analowa pa Harvard University.

2. Ku Harvard ndi ku Oxford

Pa Harvard anaphunzira mabuku achingerezi ndi filosofi, amene ndi maphunziro ofufuza maziko a choonadi, chabwino ndi choipa. Pa nthawiyo pa yunivesiteyo pankaphunzitsa akatswiri otchuka monga Josiah Royce, George Santayana ndi William James. Locke anamaliza maphunziro a zaka zinayi m'zaka zitatu zokha, ndipo mu 1907 anapambana ndi ulemu waukulu.

Chaka chomwecho anasankhidwa kukaphunzira ku Oxford, ku England, ndi ndalama za Cecil Rhodes. Dzina limeneli si lachilendo kwa ife. Ndi Rhodes yemwe uja amene analemera ndi dayamondi wa ku Kimberley, amene kampani yake inalanda maiko amene lero ndi Zimbabwe ndi Zambia n'kuwatcha dzina lake. Pomwalira mu 1902 anasiya chuma choti chiziphunzitsa anyamata anzeru ku Oxford, ndipo m'chikalata chake munali mawu oletsa kukana wophunzira chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chake. Locke anali munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira thandizo limeneli. Panapita zaka zoposa 50 kuti anthu ena akuda a dzikolo alilandirenso, mu 1963.

Kusankhidwa kunali kwina, kulandiridwa kunali kwinanso. Yunivesite ya Oxford ili ndi makoleji ambiri, ndipo angapo anamukana mpaka Hertford College inamutenga. Anzake ena ochokera kum'mwera kwa America anadandaula kwa oyang'anira chumacho chifukwa cha kusankhidwa kwake. Mu November 1907, ophunzira a ku America atakonza phwando lawo la pachaka lothokoza, Locke sanaitanidwe. Mzungu wina wachiyuda, Horace Kallen, amene ankamudziwa kuchokera ku Harvard, anakana kupita kuphwandoko chifukwa cha zimenezi. Awiriwa ankacheza kawirikawiri, ndipo Kallen anadzafotokoza pambuyo pake kuti m'macheza awowo ndi m'mene munabadwira ganizo lakuti dziko limodzi lingathe kukhala ndi zikhalidwe zambiri zolemekezana, popanda china kumeza chinzake.

Pamene anthu a kwawo ankamusala, Locke anapeza abwenzi pakati pa ophunzira ochokera m'maiko olamulidwa ndi atsamunda. M'kagulu kena ka ophunzira a mitundu yosiyanasiyana anakumana ndi anyamata a ku India, ku Egypt ndi ku South Africa. Mmodzi mwa iwo anali Pixley ka Isaka Seme, amene mu 1912 anathandiza kuyambitsa bungwe limene lero ndi African National Congress. Kwa anthu amenewa Locke anaphunzira kuti zimene zinkachitikira munthu wakuda ku America sizinali zapadera. Mmwenye ku Lahore ndi Mzulu ku Natal ankauzidwa nkhani yomweyo, yakuti anabadwa otsika, ndipo owauzawo anali anthu amene anawalanda malo ndi ulamuliro.

Sanatenge digiri ku Oxford. Mu 1910 anapita kukaphunzira pa yunivesite ya ku Berlin, ndipo mu July 1911 anakhala nawo pa msonkhano waukulu woyamba wa mitundu yonse ya anthu ku London. Pa msonkhanowo panaperekedwa zolemba za akatswiri monga Franz Boas ndi W. E. B. Du Bois, komanso kalata yochokera kwa 'Abdu'l-Bahá.

3. Phunziro limene linakanidwa

Mu 1912 Locke anayamba kuphunzitsa pa Howard University mumzinda wa Washington. Yunivesite imeneyi inakhazikitsidwa mu 1867 makamaka pofuna kuphunzitsa anthu amene anamasulidwa ku ukapolo pamodzi ndi ana awo. Ophunzira ake pafupifupi onse anali akuda, koma mtsogoleri wake ndi ambiri mwa oyang'anira anali azungu, ndipo gawo la ndalama zake linkachokera ku boma.

Mu 1915 Locke anapempha kuti ayambitse phunziro la mmene mitundu ya anthu imakumanirana ndi kukhalirana. Oyang'anira anakana, poona kuti nkhaniyo ndi yoyambitsa mikangano. Tiyeni tiime pang'ono pamenepa. Ophunzira amenewa ankakumana ndi tsankho tsiku lililonse akangotuluka pa chipata cha yunivesite. Boma la Woodrow Wilson linali litayamba kulekanitsa ogwira ntchito akuda ndi azungu m'maofesi a boma mumzinda womwewo. Komabe ophunzirawo ankaloledwa kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, koma osaloledwa kuphunzira za chinthu chimene chinkalamulira moyo wawo.

Locke sanagwe ulesi. Atakanizidwa kalasi, anakonza nkhani zisanu zoti aliyense wofuna abwere kudzamva. Anazikamba mu March ndi April 1916 pa yunivesite pomwepo, mothandizidwa ndi nthambi ya bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP ndi kagulu ka ophunzira za chikhalidwe cha anthu. Panalibe mayeso, panalibe satifiketi. Zimene anaphunzitsa tingazifupikitse motere.

Anayamba ndi kufunsa ngati sayansi yapeza malire enieni pakati pa mitundu. Anasonyeza kuti sinawapeze. Akatswiri anali atayeza zigaza, mphuno, tsitsi ndi khungu kwa zaka zambiri, koma anthu a mtundu umodzi ankasiyana okhaokha kwambiri moti miyezoyo inkalowererana. Apa anatsamira pa ntchito ya Franz Boas wa pa Columbia University, amene anayeza ana a anthu osamukira ku New York ndi kupeza kuti ngakhale maonekedwe a mutu amasintha ana akabadwira ndi kukulira kumalo ena.

Ndiye ngati mtundu sunalembedwe m'magazi, mphamvu yake imachokera kuti? Locke anayankha kuti imachokera m'mbiri ya anthu. Gulu lina likagonjetsa linzake pa nkhondo kapena pa chuma, limafuna chifukwa chofotokozera kuti n'koyenera kuti ilo lizilamulira. Pamenepo limatenga kusiyana kwa khungu, chilankhulo kapena miyambo n'kukusandutsa umboni wakuti enawo ndi otsika. Kulanda kumayamba, chiphunzitso cha tsankho chimabwera pambuyo kudzaikira kumbuyo kulandako. Anasonyezanso kuti tsankho silikhala pa mlingo umodzi: limakula pamene magulu akulimbirana ntchito, malo kapena mavoti, ndiponso pamene oponderezedwa ayamba kutukuka.

Chitsanzo chimodzi chingatithandize. M'zigawo zina za America munthu ankawerengedwa wakuda ngati mmodzi mwa agogo a makolo ake anali wakuda, pamene zigawo zina zinali ndi muyezo wina. Mu 1924 chigawo cha Virginia chinakhazikitsa lamulo lakuti mzungu ndi yekhayo amene alibe kholo lililonse lakuda. Munthu yemweyo akanatha kukhala mzungu mbali ino ya malire ndi kukhala wakuda mbali inayo. Magazi ake sanasinthe, chinasintha ndi lamulo.

Koma Locke sananene kuti popeza mtundu si wa m'magazi ndiye tingouiwala. Anaphunzitsa kuti anthu amene adutsa m'mbiri imodzi amakhala ndi cholowa chimodzi: nyimbo zawo, nthano zawo, luso lawo, njira zawo zopiririra mavuto. Cholowa chimenechi n'chenicheni ndipo n'choyenera kuchinyadira, osati pofuna kudzipatula, koma kuti gulu lililonse likhale ndi chobweretsa pokumana ndi anzake. Mu 1924 anadzalemba kuti si mtundu umene umabala chikhalidwe, koma chikhalidwe ndi mbiri ndi zimene zimaumba chimene timachitcha mtundu.

Chaka chomwecho cha 1916 munatuluka buku la Madison Grant lophunzitsa kuti azungu a kumpoto kwa Ulaya ndiwo mtundu wapamwamba. Bukulo linawerengedwa kwambiri ndipo linalimbikitsa malamulo oletsa anthu a maiko ena kulowa m'dziko la America. Nkhani zisanu za Locke zinangokhala m'mapepala, ndipo zinasindikizidwa ngati buku mu 1992, patapita zaka 76. Lero akatswiri a za chibadwa cha munthu amagwirizana ndi Locke, osati ndi Grant.

4. Chikhulupiriro chake

Atatha kukamba nkhanizo anabwerera ku Harvard, kumene analandira digiri ya udokotala wa filosofi mu 1918. Kafukufuku wake anali wa mmene anthu amaikira mtengo pa zinthu, chifukwa chake gulu lina limaona ichi kukhala chokongola kapena chopatulika pamene lina limaona china. M'chaka chomwechi analowa Chikhulupiriro cha Bahá'í.

Abahá'í a ku Washington anali ataphunzitsidwa kale za nkhani imeneyi ndi 'Abdu'l-Bahá Mwiniwake. Pa 23 April 1912, miyezi ingapo Locke asanayambe ntchito pa Howard, 'Abdu'l-Bahá anayankhula m'nyumba yopemphereramo ya yunivesiteyo kwa anthu oposa 1,000, akuda ndi azungu, za umodzi wa mitundu iwiriyi. Tsiku lomwelo, pa chakudya cha anthu olemekezeka, anaitanitsa Louis Gregory, loya wakuda amene sanali pa mndandanda wa oitanidwa, ndi kumukhazika pa mpando waulemu pafupi ndi Iye.

Ngakhale zinali choncho, okhulupirira a mumzindawo anavutika kutsatira chitsanzo chimenechi. Kwa zaka zingapo panali kusagwirizana pa nkhani yochitira misonkhano pamodzi, chifukwa ena ankaopa zonena za anansi awo. Tisabise zimenezi. Kulandira chiphunzitso cha umodzi sikuchotsa tsiku lomwelo zizolowezi zimene munthu anakula nazo.

Mu July 1919 mumzinda wa Washington munabuka zipolowe za mitundu ndipo anthu anaphedwa. 'Abdu'l-Bahá anapempha mayi wina wachizungu wolemera, Agnes Parsons, kuti akonze msonkhano wa ubale pakati pa akuda ndi azungu. Msonkhanowo unachitika pa 19 mpaka 21 May 1921 m'tchalitchi cha First Congregational, ndipo Locke anatsogolera gawo limodzi la zokambirana. Patangopita masiku khumi, gulu la azungu linatentha dera la anthu akuda mumzinda wa Tulsa. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene anthu ochepawa ankakhala pamodzi m'chipinda chimodzi.

Locke anatumikira m'makomiti okonza misonkhano yotere kwa zaka zingapo, ndipo anayenda ndi Louis Gregory m'zigawo za kum'mwera akuyankhula m'masukulu ndi m'matchalitchi. Anapita ku Haifa kawiri, mu 1923 ndi mu 1934, ndipo pa ulendo wa 1923 anakumana ndi Shoghi Effendi. Analembanso nkhani m'mabuku a The Bahá'í World, ndipo imodzi mwa izo inali yofotokoza za umodzi umene umamangidwa pa kusiyanasiyana. Ganizo lake linali lakuti umodzi si kufanana. Anthu akamakakamizidwa kusiya chilankhulo, nyimbo ndi miyambo yawo kuti alandiridwe, pamenepo palibe umodzi, pali kugonjetsa chabe kovala chovala china.

Sanali munthu wolengeza chikhulupiriro chake paliponse, ndipo panali zaka zimene anachepetsa kutenga mbali m'zochitika, atakhumudwa ndi kuchedwa kwa kusintha. Koma sanachisiye.

5. Chaka cha 1925

Mayi ake, amene anakhala nawo pafupifupi moyo wake wonse, anamwalira mu 1922. Iye sanakwatire. Patapita zaka zitatu anakumana ndi vuto lina. Pa Howard aphunzitsi akuda ankalandira malipiro ochepa poyerekeza ndi anzawo achizungu, ndipo Locke anali mmodzi mwa amene ankapempha kuti zimenezi zithe. Mu June 1925 anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ena. Anabwezeretsedwa mu 1928, yunivesiteyo italandira mtsogoleri wake woyamba wakuda, Mordecai Johnson.

Chaka chimene anataya ntchito ndi chomwenso anatulutsa ntchito imene amadziwika nayo kwambiri. Anthu akuda zikwizikwi anali atasamuka kum'mwera kupita kumizinda ya kumpoto, ndipo m'dera la Harlem ku New York munadzaza olemba, oimba ndi ojambula achinyamata. Mu March 1925 Locke anakonza kope lapadera la magazini ya Survey Graphic lonena za Harlem, ndipo kumapeto kwa chakacho analikulitsa kukhala buku lotchedwa The New Negro. M'bukumo anasonkhanitsa ndakatulo, nthano, nkhani ndi zithunzi za anthu monga Langston Hughes, Countee Cullen, Claude McKay, Zora Neale Hurston ndi Aaron Douglas.

Bukuli linali kupitiriza phunziro lija la 1916 m'njira ina. M'malo mongotsutsa ndi mawu kuti munthu wakuda si wotsika, anaika patebulo zimene munthu wakudayo wapanga, kuti aliyense adzionere yekha. Anakumbutsa anthu kuti nyimbo zauzimu zimene akapolo anapeka m'minda ya thonje ndi chuma cha dziko lonse la America. Analimbikitsanso ojambula akuda kuti aphunzire zosema za ku Africa, zimene akatswiri a ku Paris anali atayamba kale kutengerapo nzeru pamene zidzukulu za osemawo zinkaphunzitsidwa kuchita nazo manyazi.

Si onse amene anagwirizana naye. Du Bois ankaona kuti luso liyenera kumenya nkhondo ya ufulu mwachindunji, ndipo ankaopa kuti kukongola kokha sikungaletse munthu kuphedwa. Ena mwa olemba achinyamata ankadandaula kuti Locke anali wokonda kulamulira ndiponso womvera kwambiri azungu olemera amene ankapereka ndalama. Hurston, amene anali wophunzira pa Howard, anakwiya naye kwambiri atanyoza buku lake la 1937. Madandaulo amenewa anali ndi maziko. Locke anali munthu ngati ife, wokhala ndi zofooka zake.

6. Kutulutsa maphunziro kunja kwa mpanda

Atabwerera pa Howard anatsogolera gawo la filosofi mpaka kupuma kwake. Mwa ophunzira amene anadutsa m'manja mwake munali Nnamdi Azikiwe, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nigeria. Koma Locke ankadziwa kuti anthu ofika pa yunivesite ndi ochepa kwambiri. Wonyamula katundu pa sitima, wochapa zovala, wogwira ntchito m'fakitale, onsewa ankafunikanso kudziwa mbiri yawo.

Choncho kuyambira mu 1936 anakonza timabuku totsika mtengo totchedwa Bronze Booklets, tolembedwa kuti anthu akuluakulu aziwerenga m'magulu, m'malaibulale ndi m'makalasi a madzulo. Iye mwini analemba ka nyimbo ndi ka zojambula. Ralph Bunche, amene anadzalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1950, analemba ka nkhani ya mitundu pa dziko lonse. Eric Williams, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Trinidad and Tobago, analemba ka anthu akuda a ku zilumba za Caribbean. Mu 1945 Locke anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la maphunziro a anthu akuluakulu la dziko lonse la America, munthu wakuda woyamba pa udindowo.

Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo chiphunzitso cha mtundu wapamwamba chikupha anthu mamiliyoni ku Ulaya, Locke ndi mnzake Bernhard Stern anatulutsa buku lalikulu lotchedwa When Peoples Meet. Anasonkhanitsamo zolemba za akatswiri ambiri zosonyeza zimene zimachitika mitundu ikakumana, ku America, ku Africa, ku Asia ndi ku Ulaya. Mfundo yaikulu inali yakuti palibe chikhalidwe chimene chinadzimanga chokha. Manambala amene Azungu amalemba anachokera ku India kudzera mwa Aluya, pepala linachokera ku China, chimanga ndi mbatata zinachokera kwa eni nthaka a ku America. Makolo athu anaidziwa mfundo imeneyi pamene ankati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zimene oyang'anira anakana mu 1915 tsopano zinali m'buku logwiritsidwa ntchito ndi aphunzitsi.

7. Zaka zomaliza

Nkhondo itatha, mayunivesite a azungu anayamba kumuitana. Anaphunzitsa pa University of Wisconsin mu 1945 ndi 1946, kenako ku New York. Anapuma ntchito pa Howard mu 1953, ndipo anamwalira ndi matenda a mtima pa 9 June 1954 ku New York, ali ndi zaka 68. Panali patangopita milungu itatu kuchokera pamene khoti lalikulu linagamula, pa 17 May, kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo a dziko. Buku limene anasiya asanamalize linamalizidwa ndi Margaret Just Butcher n'kutuluka mu 1956. Magawo apadera ophunzitsa za anthu akuda ndi mitundu ina anayamba kutsegulidwa m'mayunivesite a ku America cha m'ma 1968 ndi 1969, iye atapita kale.

Phulusa la thupi lake linasungidwa ndi anthu osiyanasiyana kwa zaka 60 popanda manda. Pa 13 September 2014 linaikidwa m'manda a Congressional Cemetery ku Washington, ndi thandizo la anthu akuda amene anaphunzira ndi ndalama za Rhodes pambuyo pake. Mwa zizindikiro za pa mwala wake pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zinayi ya Abahá'í ndi mbalame yosema ya ku Zimbabwe.

Moyo wa Locke ukutiphunzitsa kuti kufuna umodzi ndi mtima wokha sikukwanira. Munthu angathe kukonda anthu onse m'mapemphero ake, koma osadziwa kumene anatenga maganizo amene ali nawo pa anthu a mtundu wina, a chigawo china kapena a chilankhulo china. Maganizo amenewo ali ndi mbiri: pali amene anawayambitsa, pali amene anapindula nawo, pali njira imene anatifikira. Chimene anthu anapanga, anthu angathenso kuchimasula, koma ayenera kuyamba achimvetsa. Ndipo ntchito imeneyi sidikira chilolezo cha yunivesite. Locke anaiyamba ndi nkhani zisanu zopanda mayeso, naipitiriza ndi timabuku towerengera m'magulu ang'onoang'ono ngati lathuli.

Zoti tikambirane

1. Locke anaphunzitsa kuti kulanda kumayamba ndipo chiphunzitso cha tsankho chimabwera pambuyo. Fotokozani mfundo imeneyi m'mawu anuanu, ndipo perekani chitsanzo chimodzi cha m'mbiri imene mukuidziwa.

2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kunyadira cholowa cha mtundu wathu ndi kuona mtundu wathu kukhala woposa ina? Tingadziwe bwanji kuti tawoloka malire?

3. Abahá'í a ku Washington anamva chiphunzitso cha umodzi kuchokera kwa 'Abdu'l-Bahá Mwiniwake, komabe anavutika kuchitsatira. Zimenezi zikutichenjeza chiyani?

4. Ganizirani mawu amene timamva kapena kunena okhudza anthu a mtundu kapena chigawo china. Tinawamva koyamba kwa yani, ndipo tinayamba tafufuzapo ngati ndi oona?

5. M'dera lathu lino, ndi anthu ati amene sitinawaitanepo ku gulu lathu la maphunziro kapena ku misonkhano yathu ya mapemphero? Tigwirizane za banja limodzi limene tikalichezere tisanakumanenso.